Wamafilimu ndi Chitseko cha Minibasi

Lolemba, 3 Juni

Andigoneka dzulo masana. Ine sindikukumbuka. Akuti ndinagwa pakhomo pa shopu ndikutsegula loko, ndipo mnzanga wokonza mafoni ndi amene anandithamangitsira kuno. Ndatsitsimuka ndili pa bedi, diripi ili padzanja, mwendo wakumanzere uli pa pilo, watupa kuposa piloyo.

Sisitala wandipatsa kope ili kuti ndizilembamo za mankhwala, chifukwa ndamufunsa funso limodzimodzi mpaka watopa nane.

Dokotala wa mafupa wati fupa limene linathyoka pa ngozi ija lalowa matenda, pafupi ndi chitsulo chimene anaikamo. Muli mafinya. Jakisoni wa mumtsempha katatu pa tsiku. Thupi latentha 39.4. Mawa ndikupita ku fiyeta kuti akatsuke. Wandifunsa kuti, "Tinakuuzani kuti mwendowu muziusunga. Mwakhala mukuchita nawo chiyani, mpira?" Ndati ayi, ndimangoyenda pang'ono.

Mwana wanga wamkazi amutenga apongozi anga. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Timamutcha Kachiwala chifukwa sayenda, amangodumpha. Ndi yekhayo wanditsalira. Mayi ake ndi mlongo wake wakhanda anatisiya mu Febuluwale, pa ngozi ya minibasi. Tinakhala mpando umodzi tonse atatu.

Ndiyenera kuchira msanga. Nsapato zake za kusukulu zili kwa wosoka nsapato, sindinakatenge.

Lachitatu, 5 Juni

Anatsuka dzulo. Achotsa mafinya ndi kachidutswa ka fupa lakufa. Asiya kapaipi kotulutsa zoipa. Ululu ulipo, koma bola ululu woti ukudziwa pamene uli.

Kumanzere kwanga kuli kondakitala wa minibasi. Anagwa galimoto ikuyenda, ntchafu inathyoka, mwendo aumangirira ku chitsulo cholemera chimene chikulendewera kumapeto kwa bedi. Pakamwa pokha ndi pamene sipanathyoke. Kumanja kuli atelala, munthu wachikulire, shuga inawadya chala chakuphazi. Salankhulalankhula. Akatsegula pakamwa ndiye kuti akunyoza kasokedwe ka makatani a m'wodi muno.

Kondakitala wandifunsa ntchito yanga. Ndati ndimaika mafilimu ndi nyimbo m'mafoni ndi m'mamemori a anthu. Wakuwa kuti, "Wodi yonse imve! Mapemphero athu ayankhidwa! Atitumizira Wamafilimu!"

Dzina langa lathera pomwepo. Ngakhale wogawa tiyi akunditchula choncho.

Lachinayi, 6 Juni

Memori yanga inali m'thumba la buluku. Kondakitala waiika m'foni mwake, wasankha yekha, tikuonera atatu foni ataitsamiritsa pa botolo la madzi. Wasankha filimu ya bambo amene adani anamuphera mkazi ndi ana. Za ine sakudziwa. Sindinamuuze.

Mafilimu otere ndawaonera ambirimbiri, chifukwa ndisanamuikire kasitomala ndimayamba ndaona ngati ikusewera mpaka kumapeto. Onse amayenda njira imodzi. Ekita, mwini filimuyo, amasiya kumeta ndevu. Mowa amamwera m'botolo momwemo. Amadzuka kutulo akukuwa, thukuta lili kamukamu. Amaona nkhope ya mkazi wake pa kalilole, n'kuswa kaliloleyo ndi chibakera. Pamapeto amagwada pamvula n'kulira, nyimbo n'kuyamba, basi wachira, akupita kukabwezera.

Ndadziyeza ndekha. Ndevu ndimameta. Mowa sindimwa. Kalilole wa mkazi wanga ali bwinobwino pakhoma, ndimamupukuta Loweruka. Ndiye kuti matenda a maganizo amenewo ine ndilibe. Changa ndi mwendo.

Chimodzi chokha chimandivuta. Maliro anachitika ine ndili pa bedi ngati lomwe lino, ndipo mpaka lero misozi sinabwere. Ekita amalira. Nthawi zina ndimadzifunsa ngati ndinkamukonda mokwanira.

Thupi 38.1. Jakisoni onse abaya.

Loweruka, 8 Juni

Abwera apongozi ndi Kachiwala. Abweretsa nthochi, mazira owiritsa ndi buledi. Kachiwala wakwera pa bedi osavula nsapato, akufunsa ngati madzi a m'diripi ndi otsekemera.

Sisitala pobwera ndi jakisoni wamufunsa Kachiwala, "Inu mayi, mwabwera pa chiyani?"

"Pa basi, ndi agogo! Ndinakhala kuwindo. Adadi sakwera galimoto. Timayenda wapansi, kusukulu, kumsika, konsekonse. Mwendo ukawapweteka timakhala pa mwala."

Sisitala wayang'ana ine, wayang'ana mwendo.

N'zoona. Chichitikire ngoziyo sindinakwerepo galimoto, kupatula Lamulungu lija anandinyamula ndili chikomokere. Ngakhale potuluka m'chipatala ulendo woyamba, mnzanga anandikankha pa njinga mpaka kunyumba. Si mantha. Ndimangoona kuti kuyenda wapansi kulibe vuto.

Apongozi amutuma mwana kukatsuka kapu. Akhala pa mpando, maso ali pansi, alankhula motsitsa.

"Bambo, ine sindikukulandani mwana. Koma ndamusambitsa ndekha, mapazi ake ndawaona. Matuza okhaokha. Mwana wamng'ono chonchi kudzuka kusanache kuti akafike kusukulu wapansi, anzake akumudutsa pa minibasi. Nanga tsiku limene adzadwale mwadzidzidzi? Mudzamubereka ndi mwendo umenewu? Awiri ndaika kale. Uyu yekha ayi."

Kenako apitiriza.

"Sukulu zikutsegulira pa 8 Julayi. Mukabwera kwathu nokha, pa basi, kudzamutenga, katundu wake ndidzamanga ndi manja angawa. Mukapanda kubwera, ndikamulembetsa sukulu ya kwathu. Sindikunena mwa chipongwe."

Kwa apongozi ndi ulendo wa theka la tsiku pa basi. Wapansi sungafike.

Ndati, "Ndamva, amayi. Ndidzabwera."

Potsanzika Kachiwala wati, "Adadi, nsapato zanga zija musaiwale."

Lamulungu, 9 Juni

Sindinadye bwino. Mazira ndamupatsa kondakitala.

Kukwera basi n'chiyani? Kulowa, kukhala pansi, basi. Ana akhanda amakwera. Nkhuku zimakwera. Ndidzakwera.

Lachiwiri, 11 Juni

Achotsa kapaipi. Zotsatira za mafinya zabwera kuchokera ku labu, asintha jakisoni. Watsopanoyu ndi kawiri pa tsiku koma amaotcha mumtsempha ngati tsabola. Thupi 37.6.

Dokotala akufuna chithunzi cha fupa kuti aone ngati chitsulo chichoke kapena chikhale. Makina ojambulira a pano afa, ndiye Lachinayi atipititsa kuchipatala china pa galimoto ya pano. Ndati mumtima, zakhala bwino, ndiyambira pomwepo.

Lachinayi, 13 Juni

Sindinapite.

Ndilembe mmene zinakhalira. Anandikankha pa njinga ya odwala mpaka pabwalo. Galimotoyo ndi ya mtundu wa minibasi, ya chitseko chokoka cham'mbali. Ndinali bwinobwino, ndinapereka moni kwa adalaivala. Kenako iwo anakoka chitseko. Khwiii, gu!

Manja anga anagwira matayala a njinga, osatheka kuwamasula. M'kamwa munadzaza fumbi ndi fungo la dizilo, chikhalirecho pabwalopo ndi pa simenti posesa bwino. Sindinaone chithunzi chilichonse ngati mufilimu. Panalibe nkhope, panalibe kuwala, panalibe mawu a munthu. Thupi lokha linangokana, ngati mbuzi yokana chingwe. Ndinasanzira pa nsapato za wokankha njinga. Galimoto inanyamuka ndi odwala ena.

Dokotala sanasangalale. Wati, "Popanda chithunzi ndikuchizani mwa kulota. Matendawa akakwera, tidzakambirana zodula. Mukufuna zimenezo?" Sindikufuna.

M'wodi mbiri inali itafika kale. Kondakitala wati, "Wamafilimu! Akuti wathawa galimoto yoima? Ine inanditaya ikuthamanga, koma ndikuilotabe ngati chibwenzi!"

Atelala ati, "Tseka pakamwa iwe, mungalowe ntchentche."

Ndiye ndawauza. Za Febuluwale, za mkazi wanga, za mwana, za mawu a apongozi. Kondakitala wakhala chete koyamba chibwerere ine muno. Patapita nthawi wati, "Achimwene, ndiye ine ndinakuikirani filimu ija inu muli pomwepa? Bwanji osandigogoda ndi botolo lija? Ndikanathawira kuti, mwendo ali ataumanga?"

Lachisanu, 14 Juni

Sisitala wabwera ndi mayi wina wa uphungu, wovala zake wamba. Atseka katani.

Ndayamba ndine. Ndati, "Amayi, ine si wamisala."

"Sindinanene choncho. Ndiuzeni za dzulo."

Ndawauza. Ndawafotokozeranso kuti matenda amenewo ndimawadziwa, ndawaona m'mafilimu, ndipo zizindikiro zake ine ndilibe ngakhale chimodzi. Ndawatchulira ndevu, mowa, kalilole. Aseka, koma osati mondinyoza.

"Inu mumadziwa malonda amenewa kuposa ine. Mungamuikire kasitomala filimu ya bambo amene akungoyenda wapansi miyezi inayi, kupita kuntchito, kubwerera, kuchapa yunifolomu ya mwana?"

"Angandibwezere memori. Mwinanso kunditukwana."

"N'chifukwa chake amaswa makalilole. Alipo amene amaswadi, alipo amene amakuwadi. Koma ambiri amene amabwera kwa ine amameta bwinobwino. Amangozungulira chinthu chimodzi ngati dzenje la pamsewu, mpaka njira yawo yonse isanduka yozungulira dzenjelo."

Ndafunsa za misozi. Ati misozi si sikelo ya chikondi, ilibe tsiku lake.

Ati zimenezi zimachizika, koma si za jakisoni. Ndi kuyandikira chinthucho pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku, mpaka thupi litakhulupirira kuti lero si tsiku lija. Andiphunzitsa izi, ndilembe ndisaiwale. Kukoka mpweya ndi mphuno, kuutulutsa ndi pakamwa pang'onopang'ono ngati ukuziziritsa tiyi wa mwana. Phazi lipondetse pansi. Kutchula zinthu zimene maso akuona pomwepo. Osathawa mantha ali pamwamba, kudikira atsikeko kaye.

Ndafunsa ngati zitheke pasanafike pa 8 Julayi. Ati, "Sindilonjeza."

Ndati ine ndinalonjeza kale.

Loweruka, 15 Juni

Masana kondakitala ali mtulo, atelala ayamba okha, maso ali pa katani.

"Mafilimu akowo ndi a anthu aulesi. Ine nyumba inapsa ndili kukagula nsalu. Mkazi ndi ana awiri. Iwe unali usanabadwe. Sindinaswe kanthu. Titangoika maliro ndinakamaliza suti ya munthu, chifukwa ukwati wake sukanadikira ine. Koma simbi ya makala sindinaigwirenso mpaka lero. Zosita ndimapereka kwa mnzanga. Telala wosasita, unamuonapo? Anthu amati ndi matama."

Ndati, "Nanga kulira, munalira liti, bambo?"

"Patapita zaka ziwiri. Ndinapeza batani la shati ya mwana wanga m'kabati ya makina. Usandifunsenso zimenezo. Taona mpendero uwo. Anasoka ndi phazi?"

Ndaganiza za simbiyo tsiku lonse. Iwo ali ndi mnzawo wowasitira. Ine palibe amene angandikwerere basi.

Lolemba, 17 Juni

Thupi 37.0. Chilonda akutsuka m'mawa uliwonse, mafinya achepa. Ayamba kundiyendetsa ndi ndodo ziwiri, osaponda ndi mwendo wodwalawu.

Ndinaganiza kuti popeza chimene chinandigwetsa ndi phokoso la chitseko, ndipo phokoso ndi ntchito yanga, ndilijambule. Mayi wa uphungu avomera. Sisitala watenga foni yanga kupita nayo kwa adalaivala, abwera ndi chitsekocho chili m'foni. Ndadula kuti chizibwereza chokha.

Ulendo woyamba ndinaika zomvera m'makutu, voliyumu pansi kwambiri. Ndinazula zomverazo n'kuziponya, zinakagwera m'mbale ya atelala. Ulendo wachiwiri ndinapirira mpaka thukuta linauma.

Kondakitala wati ndiike pa sipika amve nawo. Wamvetsera ngati dokotala akumvetsera chifuwa.

"Chitseko chimenechi chilibe girisi. Ndiponso dalaivala wanuyo sadziwa kutseka. Chitseko suchiponya, umachiperekeza, ngati mlendo."

Kenako wayamba ntchito yake ali chigonere. "Mmodzi wotsala! Mmodzi yekha tizipita! Adona sunthani, mpando umenewo ndi wa anthu folo! Atelala nyamulani makinawo pamiyendo!" Akamenya kabati ya pambali pa bedi, ine ndimasindikiza foni. Khwiii, gu! Wodi yonse kuseka. Ndinali kunjenjemera koma nanenso ndinaseka. Sindinkadziwa kuti ziwirizi zimatheka nthawi imodzi.

Lachitatu, 19 Juni

Adalaivala ndi munthu wamkulu thupi, wosachedwa ndi mawu. Nthawi ya nkhomaliro amadyera m'galimoto yawo pansi pa mtengo. Avomera kuti ndizibwera nthawi imeneyo ndi mayi wa uphungu.

Dzulo ndinaima chapatali n'kumaiyang'ana. Lero ndagwira chogwirira cha chitseko. Ndi pulasitiki wamba, wothyoka pakona, womanga ndi waya. Ndatchula zimene ndikuona: tayala, waya, mbale ya adalaivala, khwangwala. Mtima unathamanga, kenako unatopa wokha.

Adalaivala ati, "Mawa mulowe. Lendi sindilipiritsa."

Lachinayi, 20 Juni

Ndakhala pa mpando wa pakhomo, chitseko chili chotsegula, mwendo wabwinowu uli panja. Sindinasanze.

Loweruka, 22 Juni

Thupi latenthanso, 39.0. Atenga magazi. Sandilola kudzuka.

Masiku akupita.

Lamulungu, 23 Juni

Akuti si fupa, ndi pamene panali singano ya diripi, patupa. Asamutsira dzanja lina. Ndathokoza.

Apongozi aimba foni, ampatsa Kachiwala. Wati agogo anamuonetsa sukulu ya kumeneko, ili ndi katungwe. Kenako wati, "Adadi, agogo akuti mukuphunzira kukwera galimoto ngati mwana."

"Eya, mayi. Ndikuphunzira."

"Musakhale kumbuyo, kumadumphitsa. Ndipo mukafuna kusanza muuziretu."

Ndati ndamva, aphunzitsi.

Lachiwiri, 25 Juni

Thupi 37.2. Ndabwereranso ku galimoto.

Lero ndatseka chitseko ndekha, ndili m'kati. Ndachiperekeza monga ananenera kondakitala. Girisi adalaivala apakadi, akuti uthenga unawafika ndipo wodwala ameneyo akadzachira adzakumane. Kenako aliza injini galimoto ili chiimire. Mipando inayamba kunjenjemera, ine ndinagwira tsitsi langa. Mayi wa uphungu ati, "Tiyi wa mwana." Ndauzira, ndauzira. Zinatsika.

Lachitatu, 26 Juni

Timati tizungulire bwalo la chipatala. Tangofika kochapira zovala ndakuwa kuti imani. Aima. Ndatuluka, ndakhala pa njerwa, manyazi ngati ndaba.

Mufilimu gawo ili limatenga nyimbo imodzi. Ekita akuthamanga, akunyamula zitsulo, akugwa, akudzuka, nyimbo ikamatha ali ndi mphamvu kale. Kuno kulibe nyimbo. Kuli fungo la sopo, mabulangete pa chingwe, ndi adalaivala akutokosa m'mano akudikira.

Ndinalowanso. Tinamaliza bwalolo. Mawa kawiri.

Lachisanu, 28 Juni

Ndapita kukajambulitsa. Ndabwerako.

Tinali odwala angapo. Ndinakhala mzere wachiwiri. Wotsiriza kukwera anali mayi wina ali ndi mwana wa pulasitala kumkono, chikwama paphewa, mapepala kukamwa. Wangoti, "Achimwene, tandigwirireni mwanayu ndikwere," mwana ali kale pamiyendo panga. Sindinapeze mpata wokana.

Mnyamata, wonenepa, mano awiri. Wanga akanakhala msinkhu womwewo tsopano.

Tsiku lija ine ndinanyamula chikwama, mkazi wanga ananyamula mwana. Chikwamacho chili kunyumba. Sichinang'ambike, ngakhale zipi ikugwirabe ntchito.

Chitseko chinatsekeka, tinatuluka pageti, ine ndikuuzira tiyi pamwamba pa mutu wa mwana wa eni. Pa maloboti oyamba misozi inangoyamba. Kunalibe mvula. Dzuwa linali phwee, wogulitsa matawulo akugogoda pawindo, wodwala wina akukangana pa foni za mbuzi. Mwanayo anandigwira mphuno n'kumakoka.

Mayi ake anati, "Mwendo ukuwawa?"

Ndinati eya.

Anandiyang'ana, nati, "Pepani," n'kundipatsa kansalu kopukutira dovu la mwana. Mwanayo sanamutenge mpaka tinafika.

Chithunzi chatuluka bwino. Fupa likugwirana. Chitsulo chikhale. Zodula palibe.

Pobwerera ndinkaganiza kuti popeza ndalira, basi zatha, monga zimathera. Ayi ndithu. Ulendo wobwerera unali wowawa kuposa wopita. Lole ina inaliza hutala pambali pathu, ndinaluma lilime mpaka magazi. Nditawauza mayi wa uphungu ati, "Kulira n'kumene kwabwera. Kuchira kukubwera wapansi, ngati mwini wake."

Lolemba, 1 Julayi

Kulikonse kumene galimoto ya chipatala ikupita masana, adalaivala akumanditenga ngati mpata ulipo, sisitala akavomera. Lero tinakatenga mabotolo a mpweya. Dzulo sitinapite. Malaya amanyowabe kumsana.

Atelala atuluka lero, mdzukulu wawo wabwera kudzawatenga. Masiku onsewa anali ndi buluku langa, ndimayesa akungofuna chonyoza. Alimasula msoko wa mwendo wakumanzere, aikamo mabatani mpaka m'bondo kuti bandeji izilowa. Asoka pamanja, ulusi sukuoneka n'komwe.

Ndati ndithokoze, andidula. "Usakaonekere kwa apongozi ako ngati wothawa kundende. Koma kusita usite wekha."

Lachinayi, 4 Julayi

Jakisoni womaliza abaya m'mawa. Mawa ndikutuluka. Dokotala wati mapiritsi awiri m'mawa, awiri madzulo, masabata sikisi, osadumphitsa ngakhale ndikumva bwino. Ndodo ziwiri. Chilonda chisanyowe. Kubwera kudzaonetsa pa 19. Wati, "Ndipo mudzabwere pa matayala. Ndikadzaona fumbi m'bandejimo tidzayambana."

Mayi wa uphungu ati tsiku lomwelo ndidzawaonenso, ntchito sinathe.

Kondakitala atsala, chitsulo chake amasula sabata ya mawa. Memori ndamusiyira, ndamuikira zoseketsa zokhazokha. Wandipatsa malangizo. "Mukhale mzere wachiwiri, osati pa tayala. Ndipo kondakitala wakeyo mumuuze zoona, kuti munachitapo ngozi. Ife timaoneka ngati afisi, achimwene, koma mitima tili nayo. Akakuvutani mumuuze kuti muli ndi m'bale wanu m'bungwe."

"Bungwe lanji?"

"La othyoka ntchafu."

Lachisanu, 5 Julayi

Ndili kunyumba. Mnzanga wokonza mafoni anabwera kudzanditenga, atanyamula nsapato za Kachiwala m'jumbo. Wosoka waika zidendene zatsopano.

Pa siteji minibasi yoyamba ndinaisiya ipite. Yachiwirinso. Mnzanga amangoyang'ana foni. Yachitatu ndinakwera. Si galimoto ya adalaivala athu, iyi inali yodzaza, wailesi ikulira, chitseko choponya. Koma ndinatsikira pakhomo pathu.

Buluku ndasita. Mawa m'mawa basi yaikulu, ndekha.

Lamulungu, 7 Julayi

Ndilembe za dzulo ndi lero, kenako kopeli ndiliike m'kabati.

Kondakitala wa basi ndinamuuza zoona. Anandiyang'ana ndodo, anasuntha munthu wina, nandiika kutsogolo pamene mwendo ungatambasuke. Jumbo ya nsapato ndinaiika pamiyendo.

Pakati pa ulendo basi inaima kuti anthu adzithandize. Ndinatsika nawo. Kutsika kunali kosavuta. Anthu onse anabwereramo, ine ndili chiimire pa udzu, thupi lakananso. Dalaivala analiza hutala. Wina pawindo anati, "Bambo a ndodo, mukudikira kalata?" Ndinatchula zimene ndikuona: udzu, botolo, tayala, jumbo. M'jumbomo nsapato ziwiri zazing'ono. Kondakitala anatsika, nati motsitsa, "Akulu, sitikusiyani, koma tithandizeni." Ndinauzira tiyi katatu. Ndinakwera.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Kuchokera pa siteji ndinakweranso kagalimoto ka matayala atatu mpaka pakhomo penipeni, kuti pasakhale chokayikitsa. Kachiwala anandiona ali pa mpanda, anadumpha ngalande, anatsala pang'ono kundigwetsa ndi ndodo zomwe.

Apongozi anatuluka akupukuta manja. Tinapatsana moni. Sanafunse kuti mwabwera pa chiyani. Anayang'ana pansi, pa nsapato yanga imodziyi ndi pa bandeji. Zinali zoyera mmene ndinachokera nazo kunyumba. Analowa m'nyumba, natuluka ndi chikwama cha mwana, chomangamanga kale.

Anati, "Ndinamanga Lachinayi."

"Munadziwa bwanji kuti ndibwera, amayi?"

"Sindinadziwe, bambo. Mukanapanda kubwera ndikanamasula."

Anakhala pa khonde n'kuphimba nkhope ndi nsalu. Ndinakhala chapatali pang'ono. Kenako Kachiwala anabwera atavala nsapato zija, akufunsa ngati zikulira bwino pa simenti.

Lero tabwerera awiri. Iye kuwindo, ine pambali pake. Basi itayamba kuthamanga wandiyang'ana, wati, "Adadi, mwendo wanu ukuvina."

"Usiye uvine, mayi."

Waika dzanja lake pa bondo langa, wapitiriza kuwerenga ng'ombe. Kenako wagona. Ine sindinatseke maso ngakhale kamodzi.

Sindinachire. Mapiritsi a madzulo ndamwa. Yunifolomu ili pa mpando, matuza a Kachiwala auma. Mawa sukulu, ndipo ndamuuza kuti asadzuke kusanache, palibe chothamangira. Tikwera minibasi.